Ndinapunthitsa Mpunga wa Mbewu

Mundilole ndiyankhule chokhala, anzanga. Ndapalasa njinga kuchokera kufupi ndi nyanja ya Chiuta mpaka kuno ku Nsanama, ndipo mawondo awa ayamba kundiwerengera zaka.

Dzina langa ndine Filipo, kwathu ndi ku Nkaya kumene njanji zimakumana. Ena mwa inu mukundidziwa ngati aphunzitsi. Ena mukundidziwa ngati bambo uja ankagona kuseri kwa msika uno atadzikodzera. Musavutike kusankha, onse awiriwo ndine. Otsogolera gulu lathuli, la ife amene mowa unatigwetsa, andipempha kuti ndinene mmene ndinagwera ndi mmene ndinadzukira. Za kugwazo ndinena zonse. Za kudzuka ndinena mosamala, chifukwa ndikadali mkati modzukamo.

Ine ndinaphunzira, osati masewera. Pa banja lathu lonse ndine ndinayamba kuvala tayi, ndipo tsiku limene ndinabwera ndi satifiketi ya uphunzitsi bambo anga anayenda nayo mudzi wonse kuonetsa anthu. Tsiku lomwelo ndi limene ndinatseka mutu wanga ngati sitolo. Ndinati ndamaliza, zotsala ndi kugawira ena.

Ananditumiza ku sukulu ina cha ku Chikweo, kumene ana ambiri amayamba sukulu akudziwa Chiyao chokha. Ine Chiyao ndinkachiona ngati phokoso la pamsika. Sabata yoyamba yomweyo, ndili pakati pofotokoza masamu m'Chichewa changa chosalala, kamtsikana kena ka kutsogolo kanakweza mkono n'kunena kuti, "Ngangupikana." Ena nawo kumbuyo anayamba kung'ung'udza mawu omwewo. Pa nthawi yopuma ndinafunsa mphunzitsi mnzanga tanthauzo lake. Iye anangoti, "Akuti sakumva."

Ndinati oho, eti? Ndiye kuti akuvomera okha kuti ndi ana osamva.

Mukudziwa mmene mawu akuti kumva alili m'chiyankhulo chathu. Pali kumva ndi khutu, pali kumva kwa m'mutu koti chinthu chalowa, ndiye pali kumva kwa mwana womvera makolo. Pa atatuwo ine ndinasankha kumene kunkandikomera. Ndinati ana akuno ndi amwano, ndipo ndinaletsa mawu amenewo m'kalasi mwanga. M'malo mwake ndinawaphunzitsa yankho limodzi. Ndikati, "Mwamva?" onse pamodzi, "Tamvaaa!" Ankayankha mokoma ngati kwaya, oyenda pamsewu ankati pali mphunzitsi apa. Pofika mayeso, mapepala ankabwera oyera.

Chaka ndi chaka zinali zomwezo. Ndinkapempha kuti andisamutsire kumene kuli ana anzeru, osayankhidwa. Ndinayamba kuima pa golosale poweruka, ati kuchotsa fumbi la choko pakhosi. Kenako timapaketi ta mowa tija tinayamba kulowa m'thumba la jekete mpaka m'kalasi. Timapaketi titasowa ndinatsikira ku kachasu. Ndinkalemba pa bolodi mizere yokhota ngati njira ya mbuzi, nthawi zina ndinkagona pa tebulo ana akusewera panja. Ahedi anandichenjeza, akuluakulu a zamaphunziro anandiitana, ine ndinkangoti vuto ndi ana osamva. Anandiimitsa ntchito, kenako anandichotseratu.

Mkazi wanga anapirira mpaka pamene ndinagulitsa makina ake osokera. Anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo ku Balaka, ndipo sindimuda. Mwana tinali naye mmodzi, Tadala. Iyeyu anakulira ku Chikweo komweko, Chiyao ankachiyankhula ngati wobadwa nacho, ngakhale pakhomo panga ndinkamuletsa. Atakula anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chiuta, Msilamu, dzina lake Yusufu. Ku ukwati wawo sindinapite. Ndinati mwana wa mphunzitsi sangakwatiwe ndi munthu wonunkha nsomba, pamene ine ndinkanunkha zoposa nsomba.

Ndinabwerera ku Nkaya, ku nyumba imene bambo anandisiyira. Ndinamwa njinga, ndinamwa zitseko, ndinamwa malata mpaka nyumba inatsala makoma okha. Kuchoka apo ndinayamba kuyendayenda, mpaka ndinadzakhazikika kuseri kwa msika uno. Anthu ankandigulira kapu kuti ndiwayankhulire Chingerezi aseke. Ndinkayankhuladi.

Tadala anandipeza pomwepo tsiku lina atabwera kudzagulitsa nsomba zouma. Sanalire, sanakalipe. Anangoyala chitenje pa kaliyala wa kabaza kuti ndisadetse mpando wa eni ake, n'kunditenga.

Taganizani, mpongozi wamwamuna kukasungidwa pakhomo pa mkamwini amene anamukana. Yusufu anandilandira ndi manja awiri, anandipatsa kachipinda kanga, koma anandiuza mawu osazungulira. "Apongozi, pano ndi panu. Koma mowa pakhomo pano iyayi. Tsiku limene mudzalowe mukununkha, tidzakuperekezani ku Nkaya."

Ku Nkaya kunali makoma opanda denga. Ndinadziwa kuti kachipinda kameneko ndi denga langa lomaliza pa dziko lino.

Ndinasiya kumwa chifukwa cha mantha, osati chifukwa chosintha mtima. Manja ankanjenjemera, thukuta losatha, tulo osabwera. Zitapola pang'ono ndinkangokhala pakhonde ngati munthu wodikira sitima. Pakhomo ponse pankamveka Chiyao. Yusufu ndi Tadala ankandiyankhula m'Chichewa, koma panalinso amayi ake a Yusufu, a Abiti Saidi, mayi wachikulire wowonda, wa ntchito ngati nyerere, amene Chichewa ankangochidziwa chapatalipatali. Akandiyankhula ndinkagwedeza mutu n'kumati eya, eya, kuti adutse. Mumtima ndinkati ine mphunzitsi wathunthu, ndiyambe kufunsa gogo amene sanaonepo mkati mwa kalasi?

Tsono linafika tsiku lina mvula ili pafupi, kukutentha koopsa. Yusufu anali ku nyanja, Tadala anapita ndi khanda ku sikelo. A Abiti Saidi ankathamangira ku maliro mudzi wina. Asananyamuke ananditengera m'nyumba mmene munali matumba awiri a mpunga wosapuntha. Anayankhula mawu ambiri mofulumira, akumenyamenya thumba limodzi ndi chikhatho, akundiyang'ana m'maso. Pa zonsezo ndinatolapo mawu awiri okha, kabaza ndi chigayo. Ndinati nkhani yake ndi yapafupi, wa kabaza akabwera ndimupatse thumba akumenyalo.

"Eya, eya, ndamva," ndinatero.

Anandiyang'ananso kachiwiri, n'kupita.

Bambo wa kabaza anabwera, ndinamuthandiza kumanga thumba lija pa njinga, ndipo ndinamva bwino kuti lero ndagwirako ntchito. Chakumadzulo analibweza, mpunga woyera mbee, wonunkhira mpaka pamsewu.

A Abiti Saidi atafika anaona thumba lija pakhonde. Analitsegula, n'kukhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo atatambasula. Anatapa mpunga m'manja n'kumausiya uzigwa pakati pa zala. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

Tadala ndi amene anandifotokozera. Thumba limene ankamenya linali la mbewu. Ankandiuza kuti ili musalikhudze, wa kabaza atenge linalo. Ndipo sinali mbewu yoti mungakagule ku sitolo. Unali mpunga umene anausunga kuchokera kwa amayi awo, chaka chilichonse akusankha ngala zabwino ndi manja awo asanakolole munda wonse. Ine ndinaupititsa ku chigayo, ndipo mpunga wopuntha sumera.

Yusufu atabwerako ku nyanja n'kumva, anangoyang'ana mkazi wake. Tadala anabwera pafupi nane, maso ali pansi, n'kunena motsitsa, "Ababa, tapumani apa."

Mwana wanga amene ndinamubereka, kundinunkhiza m'kamwa pamaso pa mwamuna wake. Ndinapuma. Munalibe mowa. Ndipo ndikuuzeni, zinali zowawa kuposa ndikanakhala nditaledzera, chifukwa woledzera amakhala ndi chonamizira.

Apo a Abiti Saidi anadzuka. Anayankhula Chiyao nthawi yaitali, akulozera thumba, akulozera kumunda, akulozera kumwamba kumene mitambo inali itayamba kusonkhana. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kusonkhanitsa Chichewa chawo chochepacho kuti chindifike bwino.

"Munthu uyu ngosamva. Ine kuwauza, iwo eya, eya. Ngosamva!"

Mawu amenewo anandibaya. Ndinafuna kuwauza kuti iyayi mayi, si mwano, sindinachite dala. Koma ndiwauze m'chiyani? Chingerezi changa chonse chija chinalibe ntchito, Chichewa changa chosalala sichikanawafika. M'mutu mwanga munali mawu amodzi okha a chiyankhulo chawo, amene ndinawaletsa m'kalasi zaka zonse zija. Anangotuluka okha, mokweza.

"Ngangupikana!"



Anzanga, ine mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri kuchokera m'kamwa mwa ana, koma ndinawamva koyamba tsiku limenelo atatuluka m'kamwa mwanga. Sindinkakana. Sindinkachita mwano. Ndinkapempha. Ndinkati zimene mukunena sizikulowa, chonde ndithandizeni. Ndinaona kamtsikana kaja ka kutsogolo katakweza mkono, kakuyang'ana mphunzitsi wa tayi, katalimba mtima kunena zoona. Kanali kolimba mtima kuposa ine, chifukwa ine m'mawa uja sindinanene. Ndinangoti eya, eya. Eya wangayo anali "Tamvaaa" yemwe uja ndinkaphunzitsa ana a eni ake, ndipo tsopano ndinaona chimene amabala.

Ndinakhala pansi pafupi ndi thumba lija.

"Nanga osanena bwanji m'mawa muja, ababa?" anafunsa Tadala.

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi ndi ndani? Iwo amati mbeju. Mbeju, ababa. Mbewu."

Mbeju, mbewu. Kusiyana kwake kachilembo kamodzi. Ndinakhala pakati pa anthu amenewa zaka zonse za uphunzitsi wanga, ndinaberekera mwana pakati pawo, koma kachilembo kamodzi sindinafune kukaphunzira.

Achibale a Yusufu atamva anati munthuyo abwerere kwawo. Yusufu anandiitana m'mawa mwake kuseri kwa nyumba. "Apongozi, mowa simunamwe, ndiye lero sindikuthamangitsani. Koma amayi akuti sangakhale ndi munthu amene sangamusiyire mawu. Ine sindingasankhe inu kusiya amayi anga. Tiona pokolola."

Ndisakunamizeni kuti pomwepo ndinasanduka munthu watsopano. Nditachoka kuseri kuja miyendo inanditengera njira ya kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndipo ndinafika mpaka pomva fungo. Chimene chinandibweza si kulimba mtima iyayi. Ndinangotopa. Ndinatopa ndi kukhala munthu wodziwa zonse amene alibe ngakhale chitseko.

Nditabwerera ndinapeza a Abiti Saidi akupeta. Ndinafunsa Tadala mmene amafunsira m'Chiyao kuti ichi n'chiyani, anati ndingoti "chichi". Ndinakhala pansi patali pang'ono, ndinaloza lichero lawo n'kunena, "Chichi?" Anandiyang'ana ngati aona mbuzi ikuyankhula. Patapita kanthawi anati, "Lupeta." Ndinabwereza. Anapukusa mutu, ananenanso. Ndinabwerezanso. Imeneyo ndiyo inali sitandade wani yanga, ndili ndi imvi.

Tsono ndinene zimene ndinachita, mwina wina atolapo kanthu.

Ndinapita ku chipatala n'kukanena zoona, kuti ndine chidakwa, osati kunamizira malungo monga tizolowera. Anandithandiza pa kunjenjemera kuja, anandiuzanso kuti chiwindi ndinachipweteka kale, sichidzabwerera mwakale. Ndinasintha njira zoyenda. Kumene kuli fungo lija ndimazungulira, ngakhale kutalike bwanji. Koma chachikulu chinali nthawi. Inu mukudziwa, munthu ukasiya mowa tsiku limatalika ngati msewu wa ku Nayuchi, ndipo ukapanda kuikamo kanthu mowa umabwerera pamalo pake. Ine ndinaikamo kuphunzira. Chilichonse chimene ndaona, chichi? Khasu, chichi? Madzi, chichi? Ana a pamudzi ankagubuduka ndi kuseka lilime langa, ine ndinkawasiya aseke, kenako n'kuwafunsa kuti nanga molondola n'chiyani.

Panalinso nkhani ya mbewu ija. A Abiti Saidi anakumbuka kuti kalekale anagawirako m'bale wawo wina wa kutsidya kwa dambo. Tinapita limodzi wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo. M'bale uja anali nayo yochepa, ndipo anati aipereka ngati wina amulimire. Ndinalima ine. Manja a choko awa anatuluka matuza, matuza anaphulika, anatulukanso ena. Tinabwera ndi kambewu kosadzaza ndowa.

A Abiti Saidi ndi mphunzitsi wovuta kuposa onse amene ndinakumana nawo ku koleji. Anandiphunzitsa kufesa nazale, kuzula mbande osadula mizu, kuwokera m'matope msana uli wopindika tsiku lonse. Ndikalakwitsa ankazula n'kundipatsanso m'manja. Koma ndikati ngangupikana, sankakwiya. Ankaima, n'kunenanso pang'onopang'ono, akusonyeza ndi manja. Ndinkadzifunsa kuti chinthu chapafupi chotere chinandikanika bwanji ine wa satifiketi.

Ndinagwanso kamodzi, ndisabise. Ndinapita ku maliro a msuweni wanga ku Nkaya, anzanga akale anandizungulira, ndinamwa. Sindinabwerere tsiku limenelo, ndinadikira mpaka fungo litatha. Ndikanatha kungokhala chete. Koma ndinali nditatopa ndi eya, eya, choncho ndinaima kunja kwa mpanda n'kuitana Yusufu, ndinamuuza. Anapitiriza kukonza ukonde. Kenako anati, "Mwanena nokha. Lowani. Koma ndauza amayi, chifukwa pakhomo pano sitibisirana." Kuyambira tsiku limenelo a Abiti Saidi anachepetsa kundiyankhula, ndipo ndinadziwa kuti kachipinda kanga kali pa ulusi.

M'miyezi yomweyo amayi ena a pamudzi anayamba kundipempha kuti ndiziwathandiza kuwerenga masana, pansi pa mtengo wa mango, ngati sukulu ya kwacha. Ndinavomera mwamantha. Tsiku loyamba mayi wina wa ana ake akuluakulu anandiyang'anitsitsa, kenako anakuwa, "Tamvaaa!" Onse anaseka. Anali mmodzi wa ana anga a ku Chikweo. Anakhala m'kalasi mwanga, lero sankatha kulemba dzina lake. Ndinaseka nawo, koma kunyumba sindinadye. Zaka zimenezo sizibwerera, anzanga, ndipo palibe pemphero limene lingazibweze. Chimene ndingathe n'chakuti pansi pa mtengo uja sindifunsanso kuti mwamva. Ndimawauza kuti amene anene ngangupikana wandithandiza ntchito. Mayi ujayo pano dzina lake amalemba, zilembo zikuluzikulu ngati za pa bolodi.

Ntchito ya boma sinabwerere. Mkazi wanga sanabwerere. Thupi ndi ili mukuliona. Musayembekeze kuti mukasiya mowa zonse zimene munamwa zidzakusanzirani.

Mpunga unacha. Kamunda ka mbewu ija kanali kakang'ono, koma kanabereka. A Abiti Saidi analowamo okha ndi kampeni, akusankha ngala imodziimodzi, osalola wina kuwathandiza. Ataomba ndi kuyanika, anathira m'thumba n'kusoka pakamwa. Tsiku limenelo ine ndinali nditamanga kale tizovala tanga m'jumbo, chifukwa Yusufu anati tiona pokolola, ndipo kukolola kunali kutatha.

Anandiitana pabwalo. Yusufu analipo, Tadala analipo, khanda lili kumsana. Thumba lili pakati. A Abiti Saidi anayamba kuyankhula, akulimenyamenya ndi chikhatho monga tsiku lija, akundiyang'ana m'maso. Koyambirira ndinkatsatira. Ndinamva mbeju, ndinamva za mvula, ndinamva za amayi awo. Koma chakumapeto anathamanga, mawu anandipulumuka, ndipo anamaliza ndi funso. Onse anandiyang'ana.

Mutu wanga unayamba kugwedezeka wokha, anzanga. Eya anali atafika kale pa lilime. Ndinaganiza kuti ndikanena kuti sindinamve, aziti miyezi yonseyi munthuyu sanaphunzire kanthu, apite.

"Ngangupikana," ndinatero. "Anenenso."

Nkhope yawo sinasinthe. Anayandikira, n'kunenanso mawu amodziamodzi, akusonyeza ndi manja monga ankachitira kumunda. Analoza thumba. Analoza kachipinda kanga. Anasanjika manja kusonyeza miyala pansi, kuti lisagunde dothi. Anatalikitsa dzanja ndi khoma, chifukwa cha chinyezi ndi mbewa. Ankandifunsa ngati ndingawasungire mbewu m'chipinda mwanga mpaka mvula ikubwerayi.

"Ngupikana," ndinayankha. Ndiye kuti ndikumva.

Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kanthu kafupi, ndipo ako sindinafunikire womasulira. Anati uyu tsopano akapanda kumva amanena. Tadala analowa m'chipinda mwanga, anamasula jumbo ija n'kubwezera zovala pa chingwe.

Ndiye inu amene mwakhala apa, sindikudziwa chimene chinakugwetsani. Ine sindinagwe tsiku limene ndinalawa kachasu. Ndinagwa tsiku limene ndinati ndamaliza kuphunzira, mowa unangondipeza ndili kale pansi. Ngati pali chimene simukuchimva, kaya ndi kuchipatala, kaya ndi kwa akazi anu, kaya ndi pano, musagwedeze mutu. Nenani. Manyazi ake ndi a kanthawi, ine a eya, eya ndinawalipira ndi moyo wanga wonse.

Tiyi wanuyo mumwe nokha, musandichedwetse. Njira ndi yaitali, ndipo ndikufuna ndikafike dzuwa lisanalowe. Ndasiya mbeju ya eni ake m'chipinda, ndipo mbewa za ku Chiuta sizidziwa kuti ndinali mphunzitsi.